Nantchengwa akumanga chisa kudambo kwathu

Abale anga, kudambo la kuseri kwa nyumba kwabwera anantchengwa! Mmodzi ndamujambula m'mawa uno ali m'madzi osaya, akupalasa matope ndi phazi kuti achule ndi tinsomba tivumbuluke. Kumuzindikira sikuvuta: thupi lonse ndi lodera, ndipo mlomo ndi nthenga za kunkhongo zimapangitsa mutu kuoneka ngati hamala.

Koma chisacho ndiye chandigwira mtima. Chili pamphanda ya mkuyu, chachikulu zedi, cha timitengo, udzu ndi matope, chofolera pamwamba, kakhomo kali cham'munsi. Amamanga awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kwa milungu yambirimbiri, kututa kamtengo kamodzikamodzi. Akachisiya, akadzidzi amalowamo n'kuswera momwemo.

Ndikudziwa kuti ena amati mbalameyi ndi ya malodza. Ine sindivomereza zimenezo, ndipo anyamata a malegeni ndawapempha kuti mkuyuwo ausiye.

Inu ojambula ndi foni, pitani dzuwa likangotuluka ndipo likhale kumsana kwanu, apo ayi mbalame imangooneka bii. Khalani pansi phee, musamuthamangire. Akazolowera amasendera yekha pafupi.