Ulendo wathu wa ku Senga Bay ndi ana a giredi 8 ndi 9

Makolo anzanga, ambiri mwakhala mukufunsa kuti ku nyanja ya Malawi tinayendako bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge. Ana onse tabwera nawo bwinobwino, ndipo ndalama tinasonkha zija sizinapite pachabe ayi.

Tinanyamuka pasukulu kusanache, pa boda ya Mwami sitinachedwe poti masiku ano a Zambia ndi a Malawi amadindira malo amodzi, komanso ahedi anali atasanjiratu mapepala a ana. Vuto linatulukira titadutsa Lilongwe, tili pamsewu wa ku Salima: thumba la ufa linatsala pakhonde la ofesi! Nkhuku zilipo, mapoto alipo, nkhuni ndi mthiko zilipo, koma ufa palibe. Amayi a komiti akuti tinawauza anyamata akweze, anyamata akuti ife anatiuza za mapoto basi, adalaivala nawo akuti ine ndinafunsa kuti zonse zakwera inu n'kuvomera, mpaka basi yonse inagawikana pawiri, ena ayamba kale zoti tibwerere. Amene anazimitsa moto ndi agogo athu aja a komiti, anangomasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa makwacha aku Malawi omwe anasintha pa boda osauza munthu, ufa tinagula pa Salima. Ana mpaka lero akuwaitana kuti a banki, iwo n'kumavomera.

Titafika ku Senga Bay phokoso lonse lija linatha, ambiri kanali koyamba kuona madzi opanda tsidya. Mnyamata wathu wa mafunso uja, mukumudziwa, anathamanga kukalawa madzi kuti amve mchere, poti m'kalasi anaphunzira za Indian Ocean. Amadamu a sayansi anayambira pomwepo kufotokoza kuti iyi ndi nyanja ya madzi opanda mchere, kutalika kwake pafupifupi makilomita 580, pozama kwambiri pafupifupi mamita 700, madzi ake amatuluka ndi mtsinje wa Shire kukathira mu Zambezi, kenako m'nyanja ya mchere ku Mozambique. Anatinso ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya mtunduwu padziko, n'chifukwa chake paki ya ku Cape Maclear a UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaiika pa mndandanda wa malo ofunika mu 1984. Kumabango anatiletsa kusambako, akuti n'kumene tiana ta nsomba timabisala komanso kumakhala nkhono za likodzo. Ana analemba zonsezi.

Boti sitinakwere, mwera unali utakula ndipo ahedi anakana kwamtuwagalu. Ana anakwiya, koma ine ndinali mbali ya ahedi, ana a eni ake sungawaike pamafunde otere. Tinakhala pamchenga pomwe asodzi amasankha nsomba, ndipo bambo wina wachikulire anaitana ana, anatola kansomba m'khoka n'kukatsegula pakamwa ndi chala, m'katimo muli timazira tachikasu mbwee. Akuti chambo nacho chimatero, mayi amasunga mazira m'kamwa mpaka aswe, ndipo tiana tikaona zoopsa timathawiranso momwemo, ndiye ukagwira mayi mmodzi nthawi yoswana wapha banja lonse. Anadandaulanso za anthu ophera nsomba maneti a udzudzu, amene sasiya ngakhale kamwana. Mtsikana wina anafunsa kuti nanga mayiyo amadya bwanji, bamboyo anati amapirira njala mpaka ana atuluke. Tili chomwecho nkhwazi inatsika n'kunyamula nsomba pamadzi, ana onse kukuwa kuti ya pa mbendera yathu ya Zambia ija!

Madzulo tinadya nsima ya chambo chootcha, mitu yake aphunzitsi aamuna anachita kulimbirana. Kutada panyanja panadzaza nyale za asodzi a usipa, ana anadabwa kumva kuti usipa wina timagula m'misika ya ku Chipata umachokera kunyanja yomweyi.

Zikomo ahedi, amadamu a sayansi, amayi amene munadzuka usiku kuphika, adalaivala potiyendetsa mosamala, komanso inu makolo amene munalipirirako ana a anzanu. Ndalama ya agogo ya ufa tiibweza pa msonkhano wa PTA ukubwerawu, thumba lotsala lija lili ku ofesi, tikagwirizane komweko chochita nalo.