Kachisi wa Kamakhya: mwala, madzi ndi masiku atatu otseka zitseko

Wophunzira za chipembedzo cha Chihindu akafika pa kachisi wa Kamakhya, ayambe wadziwa ichi: m'chipinda chopatulika mulibe fano. Kachisiyu ndi wa mulungu wamkazi dzina lake Kamakhya, ndipo ali pa phiri la Nilachal, mumzinda wa Guwahati m'chigawo cha Assam ku India, m'mbali mwa mtsinje wa Brahmaputra. Munthu amatsika masitepe opapatiza amdima mpaka m'phanga, ndipo chimene amapeza ndi mng'alu wa thanthwe womwe umakhala wonyowa chaka chonse ndi madzi a kasupe. Amagwada, kukhudza madziwo, basi.

Chifukwa chake chili m'nthano ya Sati, mkazi wa mulungu Shiva. Sati atamwalira, mulungu Vishnu anaduladula thupi lake, ziwalo n'kugwera m'malo osiyanasiyana, amene ambiri amati ndi 51. Pa Nilachal akuti panagwa chiwalo choberekera, ndipo mng'alu uja ndiwo umaimira chiwalocho. Buku la Kalika Purana ndilo limafotokoza kwambiri za malowa.

Nyumba imene ilipo lero inamangidwanso mu 1565, mu ulamuliro wa mfumu Nara Narayan ya Akoch. Pansi pake ndi miyala ya kachisi wakale, pamwamba ndi denga la njerwa lozungulira ngati chulu. Mafumu a Ahom anawonjezera zipinda zina pambuyo pake, n'chifukwa chake kulemba kuti kachisiyu "anamangidwa mu 1565" n'kulakwitsa. Malowa ankapembedzedwapo zaka mazana ambiri chakachi chisanafike.

Chimene ndimaona kuti n'chofunika kuchimvetsa mofatsa ndi chikondwerero cha Ambubachi, chakumapeto kwa June, mvula ikayamba mwamphamvu. Ahindu amakhulupirira kuti masiku amenewo mulungu wamkaziyu ali kumwezi, ndipo pamodzi naye nthaka yonse. Zitseko zimatsekedwa masiku atatu. Okhulupirira salima, sakumba pansi, sachita mapemphero a tsiku ndi tsiku. Zikatsegulidwa, anthu amalandira tizidutswa ta nsalu yofiira yomwe inafunditsidwa pa mwala uja, ndipo amatisunga kunyumba ngati dalitso. Apa kusamba kwa mkazi, kugwa kwa mvula ndi kubereka kwa munda akuziona ngati chinthu chimodzi, ndipo amachilemekeza poyera.

Alendo ambiri amalakwitsa pomwepa. Amabwera pa Ambubachi pofuna kulowa m'phanga, n'kupeza potseka, anthu ali mazana a masauzande, kukutentha, mvula ili tsiku lonse. Wofuna kuona m'kati mwabata asankhe miyezi yozizira, kuyambira November mpaka February, ndipo alawirire, pakuti mzere umatenga maola angapo ndipo masana amatseka kwa kanthawi popereka chakudya kwa mulunguyo. Nsapato zimasiyidwa kunja. Adziwiretu kuti pano amapereka nsembe za mbuzi ndi nkhunda, nthawi zina njati, ena zimawadzidzimutsa.

Asathere pa kachisi wamkulu yekha. Paphiri lomweli amapembedzaponso a Mahavidya khumi, omwe ndi maonekedwe ena a mulungu yemweyu: atatu ali m'kachisi wamkulu, enawo ali ndi tiakachisi tawotawo, ndipo ka Bhuvaneshwari kali pamwamba penipeni, poonekera bwino Brahmaputra.