Njanji yafika pa Marka, koma pa Chiromo tidaoloka pa bwato

Amene sadatsikepo phiri la ku Chikwawa pa minibasi yodzaza anayi anayi pampando sadziwa kuti mabuleki amanunkha. Tidanyamuka ku Blantyre kudakali kachisisira, ine nditavala juzi, koma pofika pa Thabwa juzi ija idali italowa kale m'chikwama, malaya atamata kumsana. Tidaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, tidadutsa Dyeratu, kenaka nzimbe za ku Nchalo mbali zonse ziwiri za msewu. Pa Ngabu tayala lidaphulika, ndipo tidakhala pansi pa mtengo pafupifupi ola lathunthu tikudya mbuzi yootcha, kondakitala akubwereka jeke kwa anzake.

Ndinkapita ku Bangula kukaona malume, amene adadwala nthawi yaitali. Koma ndisaname, ndidalinso ndi changa mumtima. Ndidatopa nako kumva pa wailesi za njanji ya Sena, yochokera ku doko la Beira ku Mozambique kulowera ku Nsanje, lero yayambika, mawa yaima, mkuja sitima yafika. Ndidafuna ndikaiponde ndi phazi langa.

Malume ndidawapeza atachira, ali pamkeka kuseri kwa nyumba akusoka ukonde. Nditangotchula za sitima adaika singano pansi.

"Mwanawe, wabwera kudzaona ine kapena wabwera kudzaona zitsulo?"

Adaseka okha, kenaka adati titenge ndodo yawo tipite. Pamene padali siteshoni ya Bangula ndi pafupi. Njanji yakale ikadaoneka mwina ndi mwina, pena yakwiririka ndi mchenga, pena mtengo wamera pakati penipeni mpaka kukula kuposa munthu. Mbuzi zidagona pamthunzi wa khoma. Malume adagogoda chitsulo ndi ndodo ija, chidalira mogonthera, ngati khasu logwera m'matope. Adati ali mnyamata ankakwera pomwepo ndi dengu la makakana ndi milamba youma, n'kukagulitsa ku Luchenza kapena ku Limbe. Pobwerera ankatenga nthochi ndi zinanazi za ku Thyolo. Bambo awo, agogo anga amene sindidawaone, adali m'gulu la okonza njanji, ndipo ankati sitima imamveka m'chitsulo isanamveke m'khutu.

Ambiri a ife timaiwala kuti njanji ya dziko lino idayambira kuchigwa kuno. Atsamunda adaimanga kuchokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, kudzera pa Chiromo, ndipo idafika ku Blantyre mu 1908. Chifukwa chake chidali madzi: Shire ankaphwa, sitima zapamadzi n'kumatitimira mumchenga. Mu 1915 adaitalikitsa kukafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wa pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udatsegulidwa. Kuyambira pamenepo tiyi ndi fodya zinkatsika pa njanji mpaka ku Beira osaolotsedwanso pa madzi. Njanji ya ku Nacala ndi mwana, idadza mu 1970. Chidapha njira ya ku Beira ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. M'zaka za m'ma 1980 sitima zidaleka kuoloka malire, m'malo mwake pa Marka pankaoloka anthu othawa nkhondo, mitolo pamutu. Malume amati nthawi ina othawa kwawo adachuluka m'boma la Nsanje mpaka eni mudzi kuoneka ngati alendo. Nkhondo idatha mu 1992, koma tisadapume n'komwe madzi a mu 1997 adakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo. Apa ndiye chingwe chidaduka kawiri, kumalire ndi pakati.

M'mawa mwake ndidapitirira ndekha. Phokera, Tengani, Nsanje Boma. Kutentha kwake kosati n'kukamba, madzi a m'botolo amasanduka tiyi. Pa boma ndidatsika dala kuti ndikaone doko.

Amene adali wamkulu mu Okutobala 2010 akukumbukira. Malemu Bingu wa Mutharika adaitana Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia kudzatsegulira Nsanje World Inland Port. Mtsogoleri wa Mozambique wa nthawiyo, Armando Guebuza, sadabwere, ndipo chombo chimene chimayembekezeka kufika tsikulo adachigwira kwawoko, chisadafike n'komwe m'madzi athu. Iwo ankati kafukufuku wa mtsinje ayambe wachitika. Ife tinkati ndi nsanje chabe, akuopa kuti madoko awo a Beira ndi Nacala asowa makasitomala. Mwina zonse ziwiri zidali zoona. Lero pali khoma lalitali la simenti loyang'ana kumadzi, msipu wamera m'ming'alu. Ndidapeza anyamata awiri akuwedza, miyendo ili lendelende, ndi mayi wina akuyanika zovala pa simenti yotenthayo. Adandiuza kuti zimauma asadamalize kutsuka mapoto. Ndiye phindu la doko limene ndidaliona ndi maso anga.

Ndidaima pamenepo nthawi ndithu, chifukwa nkhani ya njanji sungaimvetse osayamba waona khoma limeneli. Ife tilibe nyanja yamchere. Njira iliyonse yopita kudoko, kaya ya pamadzi kaya ya pachitsulo, imadutsa pakhomo pa mnzathu, ndipo pakhomo pa munthu sudutsa osaodira. Bingu adamanga doko asadamvane ndi mwini mtsinje wakumunsi. Pa njanji zinthu zidayenda mosiyana. Lazarus Chakwera atangolowa m'boma mu 2020 adakakumana ndi mtsogoleri wa Mozambique wa nthawiyo, Filipe Nyusi, ku Tete, ndipo kutsitsimutsa njanji ya Sena idali imodzi mwa nkhani zawo. Ntchito adagawana: Mozambique ikonze makilomita 44 kuchokera ku Mutarara kufika ku Vila Nova da Fronteira, ife tikonze makilomita 72 kuchokera pa Marka kufika pa Bangula.

Anzathuwo mbali yawo adamaliza. Ife tidayamba ndi kukangana za kontilakiti. Mu 2021 bungwe lothana ndi katangale la ACB lidaimitsa ndondomeko yoyamba yosankhira kampani, ntchito idaitanidwanso, ndipo mu 2022 idapita kwa kampani ya ku China. Kenaka namondwe Freddy adafika mu Malichi 2023, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Zitsulo za njanji sitisula kuno, timagula ndi madola. Mtengo umene adagwirizana poyamba udangotsala papepala.

Ku Marka ndidapita pa njinga yamoto. Mnyamata wa kabaza adali wolongolola, Chichewa chake chosakaniza ndi Chisena, ndipo ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo akuloza. Apa padali munda wa azakhali ake, adalandira chipukuta misozi koma chidatha ndi njala. Apo madzi a Freddy adadula mtumbira umene adaunjika, adachita kubwereza. Tidaima pamalo pamene njanji yatsopano yayandikira msewu, ndidatsika. Miyala ya kwale yotuwa, yakuthwa, yosadetsedwa. Mipanda ya simenti yogonekapo njanji itandandalikidwa mofanana ngati mano a chipeso. Ndidagwira chitsulo n'kuchotsa dzanja msanga, chidali ngati chiwaya cha tchipisi. Kunena zoona ndidasangalala. Ndi ntchito yooneka, si za pa wailesi zokha ayi.

"Sitima mudaiona?" ndidamufunsa.

"Tidaiona, bwana. Tsiku limenelo fumbi lidali koboo, magalimoto a boma osawerengeka. Ine ndidapanga ndalama ya sabata yonse."

Ankanena za Seputembala 2024, pamene sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira idafika pa Marka, Chakwera n'kudzailandira yekha, patatha zaka 41 sitima isadaoloke malire amenewa. Koma mafuta aja pa Marka sadapitirire pa njanji. Adachita kutsanuliridwa m'mathankala, n'kukwera phiri lomwe lija la ku Chikwawa pa matayala. Ndidamufunsa ngati iyeyo adayamba wakwerapo sitima. Adati ayi, chibadwire. Adaonjezera kuti mabogi a mafuta alibe mawindo.

Mawu amenewo adandikhala. M'maofesi ku Lilongwe nkhani ya njanjiyi ndi ya mafuta, feteleza, simenti, shuga wa ku Nchalo. Ndipo si zabodza. Kuchokera ku Blantyre, Beira ndi pafupi kuposa Nacala, osanena za Dar es Salaam kumene mathankala athu amathera masiku ambiri panjira. Sitima imodzi imanyamula katundu wa malole makumimakumi, ndipo msewu wa M1 ungapumeko. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira ikadzayamba kubala, zokolola zake zidzafuna njira yotsika mtengo. Zonsezo ndikuvomera. Koma munthu wa ku Tengani funso lake ndi lina: kodi ine ndi mbuzi zanga ziwiri ndi thumba la mapira tidzakwera? Kodi ndidzatha kupita kumaliro a m'bale wanga ku Mutarara osalipira njinga zitatu? Paja malire awa adadula pakati pa mtundu umodzi. Asena a uku ndi a uko ndi pachibale, amakwatirana, amalima madimba tsidya ndi tsidya.

Chigwachi chidaionapo kale sitima yongodutsa. Kumtunda kwa Chikwawa, cha kwa Chapananga, kumadutsa njanji imene kampani ya Vale idamanga yonyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala kudzera pa Nkaya. Imeneyo sidachedwe, chifukwa malasha adali ndi mwini wake wofulumira. Ya Sena mwini wake ndi boma, ndipo boma limasintha nkhope. Chakwera adaitenga ngati mwana wake, monga Bingu adachitira ndi doko. Mu Seputembala 2025 anthu adavotera Peter Mutharika, mng'ono wake wa Bingu yemwe uja. Madala ena amene ndidakhala nawo pa benchi ya tiyi pa Marka ankatsutsana zomwezo. Wina amati tsopano doko lidzuka, njanji igona. Mnzake amati ndalama zalowa kale zambiri, palibe angaisiye. Wachitatu, amene sadayankhule nthawi yonseyi, adangoti ku Nsanje kuno chilichonse chimayambika kukatsala chaka chimodzi kuti tivote. Onse adaseka, wogulitsa tiyi yemwe. Enanso amanong'ona kuti eni malole ndi mathankala, ena mwa iwo anthu akuluakulu, sangakondwe njanji itayenda bwino. Umboni palibe amene adandionetsa, koma kulikonse kumene ndidakhala pansi nkhaniyi idatuluka yokha.

Ine maganizo anga ndi akuti ngakhale makilomita 72 aja atatha mawa, mfundo yeniyeni sidamasulidwe. Pa nthawi imene ndidapitako njanji yatsopano idali isadafike pa Bangula, koma tiyerekeze kuti yafika. Ikafika pamenepo iima, chifukwa kutsogolo kwake kuli madzi. Popanda kuoloka Shire pa Chiromo, kudutsa Makhanga, kukwera m'mbali mwa Ruo mpaka Sandama ndi Limbe, njanjiyi siikumana ndi inzake ya ku Nacala, ndipo Bangula adzangokhala malo otsitsira katundu. Chigawo chimenecho ndiye chovuta kuposa zonse. Sitima ya anthu yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga, koma madzi a mu Januwale 2015 adaononganso kumeneko, Ruo atasiya khwawa lake. Kumanga pamenepo n'kulimbana ndi mitsinje iwiri yosamva, ndipo pamafunika ndalama zimene sizikwana m'zaka zisanu za munthu mmodzi. Kumalire kuli mbendera, kuli atsogoleri awiri ogwirana chanza, zithunzi zimakoma. Pa Chiromo palibe woti ugwirane naye chanza.

Tsiku lomaliza malume adaumirira kuti andiperekeze ndikaone ndekha. Malowo anthu adawatcha Mtayamoyo, ndipo dzinalo silifuna kumasulira. Msewu umangothera m'madzi. Mlatho wakale wachitsulo ukadalipo chapatali, koma mtsinje udadzitsegulira njira ina pambali pake. Pagombe padali mabwato, anyamata akukokerana makasitomala, amayi a mitolo ya nkhuni, mphunzitsi atanyamula nsapato m'manja, njinga yamoto ikukwezedwa ndi anthu atatu. Wina ankamanga miyendo ya mbuzi, iyo ikulira ngati yaona mpeni. Tidalowa, bwato lidatsika mpaka madzi kutsala pang'ono kufika m'milomo mwake. Kamnyamata kena kankakapa madzi ndi chigubu chodula pakati, kosayang'ana n'komwe, maso ali pa foni. Mayi amene adakhala pafupi nane adati akupita ku chipatala cha ku Fatima kukaona mwana wake, ndipo mvula ikagwa kumtunda mtengo wa bwato umakwera tsiku lomwelo.

Tili pakati, malume adandigwira phewa n'kuloza pansi ndi ndodo yawo.

"Apa mpamene inkadutsa. Pompano, pansi pathupa."

Ndidasuzumira. Madzi adali ofiira, namasupuni akuyandama kulowera kumunsi, ku Mozambique. Wopalasa adatikalipira kuti tisapendekere mbali imodzi, ndipo tidakhala bwinobwino mpaka tsidya. Potsika malume adamuuza kuti "takhuta," kuthokoza kwa Chisena, n'kumufunsa kuti bwato lomaliza lobwerera linyamuka nthawi yanji.