Chambo sichikhala "sweet"

Mwezi uno ndakhala ndikulimbana ndi mawu a Chingerezi onenera kuti chakudya chakukomera. Ndimaperekera zakudya pa malo ena ogona alendo kuno ku Blantyre, ndipo kabuku kanga ka mawu ndimakawerenga m'minibasi madzulo popita kwathu ku Chilomoni.

Anayambitsa zonsezi ndi mayi wina wa ku Scotland. Anandifunsa za chambo, ine n'kuyankha kuti, "It is very sweet." Mayiwo anadabwa, n'kufunsa ngati nsomba timathira shuga. Zinandikhudza, chifukwa nsombayo ndinkaiyamikira ndi mtima wonse koma iwo anamva zina.

Usiku womwewo m'pamene ndinaona pagona vuto. Ife tili ndi kukoma, tilinso ndi kutsekemera, koma ambirife tikalowa m'Chingerezi timaziunjika zonse pa "sweet". Eni chinenerocho akati "sweet" ndiye kuti kutsekemera basi: uchi, nzimbe, mango akupsa. Chambo chootcha, nkhwani wotendera, zigege za pachiwaya ku Ndirande, zimenezo ndi "tasty", ndipo zikakoma koposa, "delicious".

Kenako ndinayamba kutolera ena. "I like" ndi "I love" tonse tinaphunzira kupulayimale. "I'm fond of" ndi "I'm partial to" ndi ofatsa, aulemu, oyenera kulankhula ndi achikulire. "I have a sweet tooth" sakunena za dzino ayi, akunena munthu wokonda zotsekemera, ngati achemwali anga amene tiyi samwa popanda masupuni atatu a shuga. Pa "enjoy" ndimapunthwabe: amati "I enjoy eating nsima", osati "I enjoy to eat".

Koma amene andigwira mtima ndi "moreish", mawu a ku Britain ochokera ku "more". Amanena chakudya choti ukangolawa, dzanja limabwerera lokha m'mbale. Nditawamva ndinangoona mtedza wokazinga wothira mchere, uja umati ndidye pang'ono, osadziwa kuti kapepala katha.

Lachisanu lapitali bambo wina wochokera ku London analoza thobwa, n'kufunsa kuti limakoma bwanji. Ndinayamba ndaganiza kaye. Linali la tsiku lomwelo, lisanayambe kuwawasa, ndiye ndinati, "It's sweet, and quite moreish." Anamwa, n'kuitanitsa kapu yachiwiri.