Kupita ku Kruger pa motorhome: kulemera, mtsetse, magetsi ndi madzi

Motorhome ndi galimoto yomwe kumbuyo kwake kuli bedi, kakhitchini, firiji ndi chimbudzi. Ku South Africa kuli makampani obwereketsa magalimotowa, ndipo kwa amene mukukhala ku Joni, ulendo wabwino woyambira ndi wa ku malo osungira nyama zakutchire a Kruger National Park: msewu wa N4 kudzera ku Mbombela mpaka pa geti la Malelane, makilomita pafupifupi 400. Injini siivutavuta pa ulendo wotere. Zimene zimasokoneza ndi katundu wopyola muyeso, mabuleki otentha ndi batire yofa pakati pa usiku.

Yambani ndi kulemera musanalongedze ngakhale supuni. Laisensi ya Code B imakulolani kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi zonse zili m'katimo. Motorhome zambiri zimalemera pafupifupi 3,000 zisananyamule kanthu, ndiye mwatsala ndi 500 basi. Akuluakulu anayi atenga kale pafupifupi 300. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 mukaidzaza mwawonjezera 100. Silinda ya gasi ya makilogalamu 9 ikadzaza imayandikira 20 chifukwa chitsulo chakenso chimalemera. Nanga zakudya, zovala, mipando, nkhuni zowotchera nyama? Nchifukwa chake ife timalangiza kunyamuka ndi madzi ochepa, malita 20 kapena 30, n'kukadzaza thanki mukafika pa kampi. Zolemera monga zitini ndi mapoto ziikeni pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Mukaziika m'makabati a m'mwamba, galimoto imapendama pokhota.

Matayala ayezeni mpweya m'mawa asanatenthe, ndipo muone zaka zake. M'mbali mwa tayala, pambuyo pa zilembo za DOT, pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala a motorhome amakalamba asanathe mano chifukwa galimotoyo imakhala nthawi yaitali itangoima padzuwa. Likapitirira zaka 6, kapena mukaona ming'alu m'mbali, musalole kunyamuka nalo. Lembaninso kutalika kwa galimoto kuchokera pansi kufika padenga pa kapepala n'kumata pomwe maso anu azionapo. Zambiri zimafika mamita atatu, ndipo denga la pamalo oimika magalimoto kapena nthambi ya mtengo zimathyola zonse zomangidwa pamwamba.

Mukadutsa tauni ya Waterval Boven msewu umayamba kutsika kulowera kuchigwa. Apa musadalire mabuleki okha. Mukawaponda osalekeza ndi matani atatu ndi theka, amatentha, amayamba kununkha, kenako phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Ikani giya yachitatu, kapena yachiwiri pomwe patsetsereka kwambiri, injini izigwira galimoto. Pondani buleki mwamphamvu kwa kanthawi, musiye kuti izizire, mudzapondenso.

M'kati mwa Kruger liwiro ndi makilomita 50 pa ola pa tala ndi 40 pa msewu wafumbi, koma powerengera nthawi muziyesa 25, chifukwa njovu zikatseka msewu mudikira basi. Kuchoka ku kampi ya Skukuza kupita ku kampi ya Satara sipakwana makilomita 100, koma perekani maola anayi. Mageti a makampi amatsekedwa 5:30 madzulo kuyambira May mpaka July, ndi 6:30 kuyambira November mpaka February, ndipo wochedwa amalipitsidwa chindapusa. Malo ogona amasungitsidwa kudzera ku SANParks, bungwe loyang'anira malo osungira nyamawa, kukadali miyezi 11. Pa tchuthi cha sukulu, malo okhala ndi magetsi ndiwo amayamba kutha.

Mukafika, yesetsani kuti galimoto iime mowongoka. Ikani botolo la madzi chogona pa tebulo muone kumene mpweya wa m'botolomo ukuthawira, popeza umathawira mbali yokwera, ndipo mbali yotsika muikweze ndi timatabwa pansi pa matayala. Si nkhani ya kugona bwino yokha. Firiji yoyendera gasi imasiya kuziziritsa ikapendekeka, ndipo ikagwira ntchito choncho nthawi yaitali imawonongeka.

Magetsi a pa kampi ndi 230V, ndipo soketi zake nthawi zambiri zimafuna pulagi yabuluu ya mano atatu ya makaravani, osati ya m'nyumba. Tengani chingwe cha mamita 20 kapena 25 ndipo muchitambasule chonse, chifukwa chokulungidwa chimatentha. Ketulo ya 2,000W imakoka pafupifupi ma amp 9 payokha. Mukayatsanso hita nthawi yomweyo, switchi ya pa mtengo wa magetsi imagwa, mwinanso kuzimitsira anzanu oyandikana nawo. Magetsi akazima mumadalira batire ya mbali yogonamo ya galimotoyo, yomwe ndi yosiyana ndi yolizira injini. Ya 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi omwe batire imasunga) ya mtundu wakale musaitsitse kupyola theka, pomwe mita imaonetsa pafupifupi 12.2V, apo ayi siichedwa kufa. Firiji ya kompresa, yomwe imayendera magetsi osati gasi, imatha kudya 40Ah pa tsiku lotentha, ndiye batireyo ndi ya tsiku limodzi lokha ngati mulibe sola.

Za gasi sitinyengerera. Tsekani silinda musanayende komanso musanamwetse mafuta. Poyesa ngati ukutuluka, pakani thovu la sopo polumikizira paipi, osayatsa machesi. Mu June ndi July usiku kumazizira ndithu, ndipo ena amayatsa sitovu kuti awothe mawindo ali otseka. Mpweya umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda ndi womwewo, ndipo sununkha. Kachipangizo kochenjeza za mpweyawu, wotchedwa carbon monoxide, kakhalemo ndipo kakhale ndi batire yamoyo.

Thanki ya chimbudzi imatenga malita osakwana 20, ndipo banja la anthu anayi limaidzaza m'masiku awiri. Masana gwiritsani ntchito zimbudzi za pa kampi. Funsani ku ofesi malo okhuthulira, ndipo pokhuthula dinikizani batani lolowetsa mpweya kuti zisakuthovukireni. Madzi otsukira mbale musatayire pansi: amaitana nyerere ndi apusi. Apusi ndi anyani a ku Kruger amalowa pawindo lotsegula pang'ono pokha, choncho mukamachoka tsekani ndi kazenera ka padenga komwe. Kuderali kuli malungo, makamaka nyengo ya mvula, ndiye kaonaneni ndi dokotala musanapite ndipo musaiwale mankhwala odzola othamangitsa udzudzu.

M'mawa ponyamuka, munthu mmodzi azungulire galimoto yonse wapansi: chingwe chazulidwa, gasi watsekedwa, sitepe yalowa, timatabwa tachotsedwa, chitseko cha firiji chakhomedwa. Akatero ayang'ane m'mwamba ngati kazenera ka padenga katsika, popeza kamayiwalika kawirikawiri ndipo mphepo ya pa msewu imatha kukazula.