Mawu othokoza kwa banja langa la pa siteji

Ndachedwa kulemba mawu awa, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire, chifukwa kuchokera usiku wa pa 24 Disembala pamene tinaonetsa sewero la kubadwa kwa Yesu mu holo ya tchalitchi chathu ku Chilomoni, mtima wanga unali usanakhale pansi. Lero ndati ndithokoze poyera anthu amene ndinawaitana kuti adzachite sewero, koma iwo n'kudzandithandiza kuika bambo anga m'manda.

Tinayamba kukonzekera kumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tili anthu osadziwana kwenikweni. Ena anali a ku Chilomoni konkuno, ena a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, pomwe mayi amene anatenga mbali ya Mariya ankachokera ku Bangwe, kutsika ku Limbe, kutsikanso m'tauni, maminibasi atatu Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, ndalama zake zochokera m'thumba mwawo. Mwezi usanathe mayina athu enieni anali atayamba kuiwalika, moti munthu ukachedwa unkangomva kuti a Herode akwiya, kapena kuti a Gabirieli apita kukagula mandasi. Mvula itayamba, phokoso la pa malata linatiphunzitsa kukweza mawu kuposa mmene ine ndikanaphunzitsira, ndipo tsiku lina magetsi atathima, ngumbi zinaunjikana pa kandulo, ana amene ankasewera ngati nkhosa n'kuiwala zolira mee, onse kuyamba kutola ndiwo.

Bambo anga anatisiya pa 2 Disembala atangodwala masiku ochepa. Ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti sewero liyambe laima, ndipo palibe anayankha, zomwe kunena zoona zinandipweteka mumtima. Koma madzulo ake, ndili khale pa siwa, ndinangoona akulowa mmodzimmodzi. A Herode, bambo amene mawu awo amathawitsa ana pa siteji, anabwera ndi nkhwangwa yawo ndipo anawaza nkhuni mpaka pakati pa usiku, osalankhula ndi munthu. A Mariya ndi amayi anzawo anamanga zitenje n'kupita kumoto ngati kuti pakhomopo anakwatiwapo. Abusa a nkhosa anachezera kuimba mpaka tambala kulira, ndipo a Yosefe anakwera nawo lole kuperekeza maliro kumudzi kwathu ku Chiradzulu, n'kubwerako usiku chifukwa m'mawa mwake ankafunika kuntchito. Abale anga ankandifunsa monong'ona kuti anthuwa ndi a mbali iti ya banja, ine n'kusowa poyambira kufotokoza.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti chipepeso chimene anapereka chinali ndalama zomwe tinasonkha zogulira nsalu za zovala. Ndicho chifukwa chake amene munabwera kudzaonera munaona angelo atavala nsalu zoyala pabedi, ndiponso mfumu ya Ayuda itavala chisoti cha katoni.

Nditabwerako kumudzi ndinapeza kuti sanasiye kukumana ngakhale tsiku limodzi, komanso kuti sewero langa analisintha osandifunsa. Anzeru a kum'mawa anali atakhala anayi, chifukwa panali mnyamata wina amene anasowa mbali ndipo anzake anakana kumusiya panja. Ndinafuna kutsutsa, koma anandikumbutsa kuti Mateyu satchula chiwerengero cha anthuwo, amangotchula mphatso zitatu, golide, lubani ndi mure. Wachinayiyo ananyamula dengu la mango, ndipo sindinapeze vesi lomuletsera.

Chinthu chachikulu chimene anabwezeretsa ndi gawo limene ine ndinalichotsa poganiza kuti ndi lolemera pa tsiku la chikondwerero, la amayi a ku Betelehemu akulira ana awo aamuna a zaka ziwiri kutsika m'munsi amene Herode analamula kuti aphedwe, paja Mateyu 2:18 amakumbutsa za Rakele wokana kutonthozedwa. Amayi athu sanalire mongoyerekeza ayi. Analira mmene timalirira kuno kwathu, manja kumutu, kuitana mwana ndi kumufunsa kuti wandisiyira yani. Holo yonse inangoti zii. M'gulu la oonerera munali anthu a ku Chilobwe, kumene matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo sewero litatha gogo wina anabwera kudzagwira dzanja la mmodzi wa amayiwo kwa nthawi yaitali, osanena kanthu. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndipo ndi pamenepo pamene ndinawalira bambo anga koyamba, popeza pa maliro penipeni ndinatanganidwa ndi za bokosi ndi galimoto.

Ndikuthokoza akuluakulu a mpingo potibwereka holo kwa miyezi itatu, makolo amene munalola ana anu kubwerera kunyumba kutada m'nyengo ya mvula, ndi atelala amene anasoka mapiko a angelo ulere. Koma koposa onse ndikuthokoza inu anzanga a pa siteji, amene mpaka lero amayi anga akamakufunsani amatchula mayina a m'sewero. Tikumane Loweruka masana ku holo kuti tibweze zitenje ndi nsalu kwa eni ake. A Herode, nkhwangwa yanu ikadali kwathu kuseri kwa khitchini, ndibwera nayo.