Poncho ya Mitundu ya Phiri la Mulanje

Chisanu cha mu Juni ndi Julayi muno mu Harare chimalowa m'mafupa, makamaka m'mamawa, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake ndikulukira mayi anga aang'ono a ku Mufakose, dera la mumzinda uno, poncho, chovala chopanda mikono chimene chinachokera kwa anthu a kumapiri a Andes ku South America, ndipo mitundu yake ndaitenga ku phiri la Mulanje, kwawo kwa makolo athu.

Poncho yanga ikuyambira pakhosi n'kumatsika, motero ndikuluka ngati munthu amene akutsika phiri kuchokera pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Pakhosi ndaika ulusi woyera wa nkhungu ya chiperoni, kenako wotuwa wa matanthwe, ndipo chapakati ndaika wobiriwira wakuda wa mikungudza, mitengo imene yatsala yochepa chifukwa cha kudulidwa mwachisawawa ndiponso moto wolusa. M'munsi mwenimweni mudzakhala wobiriwira wowala wa minda ya tiyi imene ili m'tsinde mwa phirilo.

Chimene ndasamala kwambiri ndi pokumana mitunduyo. Ambiri amangodula ulusi umodzi n'kuyamba wina, koma phiri silisintha maonekedwe mwadzidzidzi chotero, ndipo ine ndimaona kuti mizere yodukiza imauma m'maso. Ndimaluka mzere umodzi wa mtundu watsopano, n'kubwerera ku wakale mizere iwiri, mpaka watsopanowo utakhazikika. Ntchitoyi imachedwa, ndipo nsonga za ulusi zoti zibisidwe zimachuluka, koma matanthwe amaoneka akulowa m'nkhalango pang'onopang'ono monga zimakhalira ukamayang'ana phirilo uli pa Chitakale.

Pa mzere uliwonse ndimawonjezera masitichi pamalo awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti chovalacho chituluke ndi nsonga ziwiri zosongoka. Ndikugwiritsa ntchito singano yokhota kumutu ya mamilimita 5, yaikulu kuposa imene amayi athu amalukira madoilo, kuti nsaluyo ikhale yofewa ndi yogwa bwino pamapewa.

Ulusi wa ubweya wa nkhosa umafunda kwambiri, koma umafota ukachapidwa ndi madzi otentha. Ndasankha wosakaniza ubweya ndi akiliki, ulusi wopangidwa kufakitale, popeza mayi aang'onowo adzaivala tsiku ndi tsiku popita kutchalitchi ndi kumsika wa Mbare, ndipo adzafuna kuichapa mosavuta.